Makaseti Anga Makumi Asanu a Fulamenko

Sekani, sekani ndithu, ine sindikuletsani, nanenso ndimaseka ndikaikumbukira. Koma tisanapite patali tigwirizane chinthu chimodzi: gitala ndimaitha. Zimenezo palibe angandilande, kaya ndi aNachisale akazi anga, kaya ndi alamu anga a Gwaza a ku Area 47 ndi mataye awo. Chomwe chinandigwetsa ine ndi malonda, osati gitala.

Zinali zaka zija za m'ma 80, pomwe mumsika munthu sunkalowa wopanda khadi la chipani m'thumba. Ine Levisoni ndinali telala wa pakhonde ku Old Town. Makina anga anali pakhonde la sitolo ya mmwenye, ndipo pambali panga panali benchi ya Che Amidu, amene ankakonza mawailesi n'kumagulitsa mabatire ndi makaseti. Gitala ndinaiphunzira kumishoni kwathu, kwa wansembe wina wa ku Spain yemwe ndinkamusokera mikanjo. Abale, munthu uja akaigwira gitala! Ankakwapula nsambo ndi zala zonse, uku akugogoda thupi la gitala, uku phazi likumenya pansi, iwe womvera tsitsi n'kumachita nyaunyau. Anati nyimbo zimenezo ndi za kwawo, dzina lake fulamenko. Ine kungomva tsiku loyamba, mtima unapita. Pobwerera kwawo anandisiyira gitala ija ndi katoni ya makaseti makumi asanu osajambulamo kanthu, akadali m'mapepala ake onyezimira, kuti ndizijambulamo zomwe ndaphunzira n'kumadzimvera ndekha. Katoniyo inakhala pansi pa bedi zaka zingapo.

Tsono fulamenko ili ndi malamulo ake. Imafuna zikhadabo zazitali kudzanja lamanja, imafunanso nthawi. Munamuonapo telala wa zikhadabo zazitali? Zinkakola nsalu za eni. Makasitomala ankandipeza ndikukwapula gitala, nsalu yawo ili pomwe anaisiya sabata yatha. Mpaka tsiku lina mayi wina, atatopa kulondola diresi lake la ku ukwati, anakafika kunyumba kwathu ku Mchesi n'kukakhuthula zonse pamaso pa aNachisale, aneba akumva.

Nditafika ndinapeza gitala yanga ija aitsamiritsa pakhomo ngati mlendo amene watsanzika.

“Bambo a Tadala,” anatero aNachisale, “anyamata a bandi ya ku thaveni akuifuna iyi. Ipite. Ine zonyozedwa chifukwa cha thabwa ndatopa nazo.”

Thabwa! Mtima wanga unachita kuwira. Ndinati, “Ndipatseni mwezi umodzi. Makaseti ali pansi pa bedi aja ndijambula onse, ndikagulitsa. Mwezi ukatha itatsala ngakhale imodzi, gitala mukaipereke nokha, zikhadabo ndiwenga pamaso panu. Koma akatha onse, gitala imeneyi musadzaitchulenso m'nyumba muno.”

“Ndamva,” iwo anatero, “ndipo mboni akhale achimwene.”

Achimwene awowo ndiwo alamu anga a Gwaza, akuluakulu m'boma, munthu woti akamakupatsa moni maso amakhala pa nsapato zako. Lamlungu lomwelo tinakawauza, iwo n'kuvomera umboniwo akumwetulira. Kumwetulira kumene kuja kunandiwawa kuposa mawu a mlongo wawo.

Ndinabwereka wailesi ya makaseti awiri kwa Che Amidu, ndinatchinga mawindo ndi mabulangete, n'kuimba ola lathunthu thukuta lili kamukamu. Tambala wa aneba analowamo kawiri, koma ndinati palibe kanthu, ku Spain nakonso atambala alipo. Sabata yonse ndinali kukopera, kaseti ndi kaseti, n'kumalemba pa iliyonse ndi inki yofiira: LEVISONI NDI GITALA YA FULAMENKO. Ndinkadziyamikiranso nzeru kuti nyimbo zanga zilibe mawu, pajatu masiku amenewo mawu ndiwo ankapalamulitsa anthu. Mtengo ndinaika makwacha asanu, popeza luso si tomato.

Ndinayambira pafupi ndi depoti ya mabasi. Mukudziwa mwambo wake, kaseti munthu sagula asanaimve. Ndinayala makaseti pa chitenje, ndinatsegula wailesi, anthu n'kuyamba kusonkhana. Mtima uli m'malo, ndinapinda manja n'kumayang'ana kumwamba monga amachitira aluso. Panapita mphindi imodzi, ziwiri, anthu ali chete. Ndinati eya, yawalowa.

Bambo wina wa njinga ndiye anayamba. “Achimwene, nanga ayamba liti kuimba?”

“Ayamba kale, nyimbo yake ndi imeneyi.”

“Iyayi, apa akungochuna gitala. Pititsani kutsogolo timve pomwe akuyambira.”

Ndinapititsa kutsogolo kuti ndimukhaulitse, iye n'kunena kuti munthuyo akuchunabe. Mayi wina wogulitsa nthochi, wamtima wabwino, anati mwina ndi yovina, n'kumanga chitenje m'chiuno kuti ayese. Koma kugunda kwa fulamenko kuli ndi mawerengedwe akeake, sikuyenda ngati za kwathu kuno. Mayi uja akati aponde, nyimbo yaima. Akati aime, nyimbo yathamanga. Mapeto ake anangotsala mwendo umodzi uli m'mwamba.

“Nyimbo yanji yosiya munthu panjira?” anatero akumasula chitenje. “Nanga uthenga wake ndi wotani? Ikulangiza chiyani?”

Ndisanayankhe, anthu anayamba kupatuka mmodzimmodzi. Kucheuka, wachinyamata wa chipani waima kumbuyo kwanga, manja ali kumbuyo. Khadi ndinamuonetsa asanafunse. Anamvetsera kanthawi, nkhope ili gwa, kenaka anati, “Bwanji mulibe mawu? Mukubisa chiyani?”

Mwaona? Nzeru zanga zomwe zija! Ndinalumbira kuti sindikubisa kanthu, ndi gitala chabe.

“Muziika mawu,” anatero, “kuti anthu azidziwa zomwe mukuganiza.”

Ndinapinda chitenje changa mwaulemu wonse n'kubwerera pakhonde. Tsiku limenelo sindinagulitse ngakhale imodzi.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kanthu, koma ine ndinati vuto ndi malo. Anthu a pa depoti mitima yawo imakhala pa basi. Fulamenko imafuna anthu ophunzira, anthu a m'maofesi a ku City Centre. Ndipo ndinati ulendo uno ndikaimba ndekha pamaso pawo, aone zala. Paja ndine telala, ndinadzisokera zovala zake monga ndinkazionera pa zithunzi za wansembe uja: buluku lakuda lothina kwambiri, kajekete kolekeza m'nthiti, ndi nsalu yofiira yomanga m'chiuno. ANachisale atandiona anangoti, “Mudutse njira ya kuseri, ana a sukulu asakuoneni.”

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi poimika magalimoto, chikwama cha gitala chili chotsegula kutsogolo kwanga, makaseti ndawandandalika m'menemo. Ndinaimba, abale, ndinaimba! Ndinatseka maso, ndinakwinya nkhope monga fulamenko imafunira, phazi likumenya pansi fumbi kuti kobo. Ndili mkati ndinamva ngwe! Kenaka ngwe, ngwe! Kutsegula maso, anthu akuponya matambala m'chikwama muja n'kumapita. Mayi wina wovala bwino anawerama, n'kuika banzi pamwamba pa makaseti anga.

“Mulungu akuchizeni, bambo,” anatero.

Andichize chiyani? Ine wabwinobwino, wa makina anga osokera, wa ana awiri! Ndinafuna kumuthamangira kuti ndimubwezere banzi lake, koma njala inali itandigwira, ndiye ndinadya mokwiya.

Mmodzi yekha ndiye anaima nthawi yaitali, bambo wa taye ndi nyuzipepala kukhwapa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Very nice, very nice. Koma mulibe ya country? Ija ya azungu a zipewa zikuluzikulu, yodandaula kuti mkazi wathawa? Ija ndiye ndingagule.”

Ndinamuyankha kuti ine sindiimba za anthu othawidwa. Iye anati, “Sorry,” n'kumapita.

Apa masabata atatu anali atatha, ndipo aNachisale anali atayamba kupukuta gitala yanga m'mawa uliwonse, ati kuti ogula adzaipeze yoyera. Ndinati chabwino, Amalawi anzanga mwandikana, ndipita kwa eni ake. Nyimbozi ndi za ku Ulaya, ndiye azungu a ku Area 12 akangomva adzalira misozi yokumbuka kwawo. Ndinavalanso zija, n'kuyamba kuyenda geti ndi geti dzuwa lili pamutu. Inu mukudziwa kutalikirana kwa mageti a kumeneko? Pakati pa nyumba ndi nyumba mukhoza kulima chimanga cha chaka chonse. Alonda ena ankandibweza ndisanatsegule pakamwa. Wina anandiyang'ana zikhadabo n'kunena kuti abwana safuna mankhwala. Pa geti lachisanu ndi chiwiri ndi pomwe dona wina wachizungu anatuluka, ine n'kumuimbira, iye anamvetsera bwinobwino mpaka nyimbo kutha, anaomba m'manja. Mtima wanga unati phaa! Kenaka anauza mlonda wake kuti andimasulire.

“Akuti mwaimba bwino,” anatero mlonda, “koma zimenezi ali nazo kale zambiri kwawo. Akufunsa ngati muli ndi za ng'oma, za kumudzi zenizeni, zoti akaonetse abale awo.”

Ndiuzeni inu, munthu utani? Wa pa depoti akufuna uthenga, wa mu ofesi akufuna mzungu wa chipewa, mzungu akufuna ng'oma za kwathu. Aliyense akufuna cha mnzake, ine ndili pakati ndi fulamenko yanga. Ndikutembenuka kuti ndizipita, galu wa pa nyumbapo, amene nthawi yonseyi anali phee kumvetsera, anaona nsalu yofiira ija ikulendewera. Ndinalumpha ngalande ya pamsewu gitala ili kumsana, buluku lothina lija n'kungoti phwee, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Telala wathunthu, msoko wosoka ndekha! Ndinayenda mpaka ku Old Town nsalu yofiira ndaimanga ngati thewera.

M'mawa mwake, kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe, ndinakhuthula makaseti onse pakhonde pambali pa makina anga, n'kulemba pa katoni ndi mtima wopsa: KWACHA IMODZI. Ndinati ngati Lilongwe ndi wosauka moti sangalipire luso, ine ndimuthandiza.

Che Amidu anasuzumira kuchokera pa benchi yawo. Anatola kaseti imodzi, anaitembenuza, anaiyang'anitsa padzuwa, anaigogoda ndi chala.

“Che Levisoni, onsewa ndi a mtundu umenewu?”

“Onse. Fulamenko yeniyeni, kuyambira koyamba mpaka kumapeto.”

“Kwacha imodzi?”

“Imodzi.”

“Ndipatseni khumi.”

Khumi! Osapempha n'komwe kuti amve kaye. Ndinati mumtima, uyu ndiye munthu, wakhala akundimvera pakhonde pano zaka zonsezi, akudziwa chomwe akugula. Dzuwa lisanapendeke anabweranso kudzatenga ena khumi. Tsiku lotsatira kunayamba kubwera anthu achilendo, madalaivala, makalaliki, ena otumidwa ndi mabwana awo, aliyense akufunsa kuti, “Ndi pano pali makaseti a telala aja?” Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati tsegulani timve. Ine ndinati ndiko kutchuka kumeneko, dzina likamveka anthu sayesanso. Wina ndinamufunsa kuti wakonda nyimbo iti, iye anati, “Zonse, bambo, ndipatseni atatu.” Pa masiku atatu katoni inali mbee.

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinafika kunyumba katoni yopanda kanthu ndaisenza pamutu, n'kuitula pamapazi pa aNachisale. Iwo anaisuzumira, anandiyang'ana, n'kungoti, “Anthu ake ati?” Ndinati anthu odziwa nyimbo, amene m'nyumba muno mulibe.

Loweruka lake kunali phwando kwa alamu a Gwaza ku Area 47, ati awakweza pa ntchito. Masana dzuwa likuswa mtengo, pabwalo pali mipando, nyama ikupsa pa makala, alendo ake mabwana okhaokha ndi akazi awo. Wailesi yaikulu ya zokuzira mawu ziwiri anaitulutsa pakhonde. Ine ndikudutsa pamenepo, maso anga anagwera pa mulu wa makaseti, ndipo pamwamba penipeni panali inki yofiira. Dzanja langa! Kuwerenga, asanu. Alamu anga omwe aja, oyang'ana nsapato, agula asanu mwakachetechete! Ndinamva kukoma mpaka m'mano.

Ndinatenga botolo n'kuligogoda ndi supuni. Anthu anakhala chete.

“Mabwana ndi madona,” ndinatero, “pepani ndikudulani pang'ono. Alipo ena ankati Mmalawi sangamve fulamenko. Alipo ena, sinditchula maina, ankati gitala yanga ndi thabwa. Lero makaseti anga atha mu Lilongwe muno, ndipo ngakhale m'nyumba ino alimo asanu. Ndiye ndati mumve nokha zomwe mlamu wa a Gwaza amachita.”

Alamu anadzuka msangamsanga. “Alamu, khalani pansi, tiika nthawi ina.”

“Musachite manyazi, alamu, kukonda luso si tchimo.”

“Alamu, ndikupemphani…”

Ndinawakankhira dzanja kumbali, ndinalowetsa kaseti, ndinakweza mawu mpaka kumapeto, n'kutembenukira alendo manja ali m'chiuno.

Chomwe chinatuluka m'menemo ndi rumba ya ku Zaire. Malipenga, ng'oma, mwamuna akukuwa m'Chilingala! Ndisanamvetse chomwe chikuchitika, mipando inali itagwa kale, mabwana amasula mataye, madona avula nsapato, bwalo lonse likutekeseka. Bambo wina wamimba anandivinira mpaka pafupi, n'kundigwira dzanja.

“Ndinu amene mukuimbayu? Chilingala munachiphunzira kuti? Mwatha, achimwene, mwatha!”

Ndinati mwina kasetiyi inasokonekera. Ndinaitulutsa anthu akukuwa, n'kulowetsa yachiwiri. Kwaya ya amayi a ku tchalitchi kwa alamu, ikuphunzira nyimbo ya maliro. Ovina anafuula kuti bwezerani yoyamba ija, wina n'kundilanda, rumba n'kuyambiranso.

Alamu anandikokera kuseri kwa galimoto yawo. Kunena zoona, tsiku limenelo anandiyang'ana kumaso.

“Alamu,” anatero motsitsa mawu, “makaseti anu aja ndi a ku Ulaya, olimba, satafunidwa wamba. Yopanda kanthu ya mtundu umenewo kwa amwenye ndi makwacha anayi, ndiponso sipezeka. Inu mumagulitsa kwacha imodzi. Tauni yonse yakhala ikugula kwa inu n'kumakajambulitsa zina kwa Che Amidu.”

“Sizingatheke! Timano tija ta pamwamba pa kaseti ndinathyola tonse, kuti munthu asafufute!”

“Selotepi, alamu. Amangomata pa kabowopo.”

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinabwerera pa mpando wanga, ndinakhala, n'kumayang'ana anthu akuvina pamwamba pa thukuta langa la ola lathunthu. Manyazi ndinali nawo, inde, koma mkwiyo ndiwo unali waukulu. ANachisale anali cha uko, chitenje chili kukamwa, mapewa akugwedezeka.

Ndiye mverani izi. Rumba ija inatha tepi isanafike kumapeto. Kunamveka kuti tswii, kenaka mwadzidzidzi, pa zokuzira mawu zonse ziwiri, gitala yanga! Kachidutswa kotsala kosafufutika, ndipo kanali penipeni pomwe ndimakwapula nsambo ndi zala zonse mothamanga, pamene ndinaphunzira zaka zitatu kuti ndipathe. Ndinadzambatuka pa mpando.

“Imeneyo! Ndine ameneyo! Tamverani!”

Koma akazi a alamu anali atauyamba kale wa ku khonde, manja ali m'mwamba.

“Zimitsani! Zimitsani msanga! Wailesi ikutafuna tepi!”

Anazimitsa, anaitulutsa kaseti mosamala ngati dzira, wina n'kubwera ndi bolopeni kuti aikulunge. Anaiyang'ana uku ndi uku, n'kumadabwa kuti tepi ili bwinobwino. Ine ndili chiimire pakati pa bwalo, chala chikulozabe wailesi.

Apo aNachisale analephera kudzigwira, anaseka mpaka misozi. Atapuma anabwera pomwe ndinaima, akupukuta m'maso.

“Ndiyetu gitala ija, bambo a Tadala, anyamata a ku thaveni abwere liti?”

Eee, pamenepo ndiye ndinadzuka ku tulo. Ndinati, “Imani pomwepo. Alamu, bwerani kuno, paja ndinu mboni. Pangano linali lotani? Kuti anthu amvere, kapena kuti makaseti athe?”

Alamu anakanda m'mutu. “Kuti athe.”

“Atha kapena sanathe?”

“Atha.”

“Yatsala ngakhale imodzi?”

ANachisale anayang'ana achimwene awo, achimwene awo anayang'ana kumbali. “Ayi, palibe yatsala,” anatero mayiwo, kuseka kutawathera. Ndinawerama pang'ono monga amachitira oimba akamaliza, n'kupita kukatenga nyama, yaikulu kuposa zonse. Gitala ija ndikadali nayo mpaka lero, ndipo m'nyumba mwathu saitchula. Amangotseka chitseko ndikayamba.

Lolemba m'mawa ndinafika pakhonde nditakonzeka kuwalalatira Che Amidu. Ndinawapeza akumata selotepi pa kaseti ya inki yofiira, alibe ndi manyazi omwe. Anandilonjera mwansangala.

“Che Levisoni, anthu akufunsabe. Mukapeza katoni ina mundiuze ine poyamba. Koma ulendo uno musadzivutitse n'kuimbamo, mungobweretsa momwe alili. Ndiwonjezera mtengo.”

Ndinangokhala pa makina anga n'kuyamba kupalasa.

Fulamenko sindinasiye ndipo sindidzasiya, amene analephera ndi makutu a Lilongwe, osati zala zanga. Chomwe ndinalumbira n'chimodzi: ine kudzaimanso pa gulu, botolo m'manja, n'kuitanira anthu kaseti yomwe sindinayambe ndaimvera ndekha kuseri, ndithu pali amayi anga, sizidzachitikanso.